Dalaivala Amene Ankaopa Manja Ake

Chipinda cha uphungu chinali kumapeto kwenikweni kwa kolido ya chipatala, kupitirira pojambulira zifuwa, moyang'anizana ndi mosungira mabedi othyoka. Kale munkasungidwa mankhwala, n'chifukwa chake zenera lake linali laling'ono, lam'mwamba, lotchingidwa ndi zitsulo. Mlangizi wa za maganizo atapatsidwa chipindacho anatulutsa tebulo lalikulu lomwe analipezamo n'kusiyamo mipando iwiri yofanana, kuti wolowa asamve ngati wabwera kudzazengedwa mlandu. Pakona anaikapo botolo la madzi ndi kabokosi ka matishu.

Anali mayi wa msinkhu wapakati, imvi zitangoyamba kumene, wosapupuluma pa mawu. Sisita wamkulu wa ku wodi ya odwala maganizo, mayi wojintcha wa mawu ngati hutala ya lole, ankakonda kumuseka.

"Ife timabaya jakisoni, timanyamula anthu, timalavulidwa," ankatero Sisita. "Inu mumangogwedeza mutu ngati gulo pamtengo."

Mlangizi ankangoseka. Awiriwa anagwira ntchito limodzi nthawi yaitali ndipo ankadalirana.

M'mawa wina kunabwera bambo wamtali, wowonda, atavala shati yosita bwino koma kolala yake ikuwakulira. Anaima pakhomo chipewa chili m'manja.

"Lowani, bambo. Khalani pomwe mungakonde," anatero mlangizi.

Bamboyo anasankha mpando wapafupi ndi chitseko.

"Ine si wamisala, madamu," anayamba moni asanapatsidwe. "Andituma ndi a kampani. Akuti ndisanabwerere pa basi mundione kaye inuyo, kenako munene kuti ndili bwino. Ndiye nenani, ndizipita."

"Takulandirani. Ndizikutchulani kuti ndani?"

"Kudepoti amanditcha a Pang'ono."

"Chifukwa chiyani?"

Pakamwa pawo panasuntha ngati akufuna kumwetulira. "Sindithamanga pamsewu. Anzanga amati wokwera basi yanga ali mnyamata amakatsika ali ndi zidzukulu."

"Chabwino, a Pang'ono. Musanalankhule chilichonse ndikuuzeni kaye mmene timachitira muno. Zimene munganene zimathera muno. Sindiuza akazi anu, sindiuza abwana anu. Koma pali pomwe ndimalekezera. Ndikaona kuti moyo wanu uli pangozi, kapena moyo wa munthu wina, sindikhala chete. Ndipo ndidzayamba ndauza inuyo ndisanauze wina aliyense. Mwandimva?"

"Ndamva," anayankha ngati mmene munthu amayankhira wapolisi wa pamsewu.

Nkhani yawo mlangizi ankaidziwa kale pang'ono kuchokera kwa dokotala wa kampani. A Pang'ono anayendetsa basi yaikulu ya m'tauni zaka zambiri osaswapo ngakhale nyali. Tsiku lina masana, ana akuweruka kusukulu, kamtsikana kanatulukira kuseri kwa lole yomwe inaima m'mbali mwa msewu, kakuthamanga. Anaponda mabuleki, koma basi si njinga. Mwanayo anafera pomwepo. Apolisi anayeza msewu, anafunsa okwera, ndipo khoti linati dalaivala analibe mlandu.

"Ndiye mwaona," anatero a Pang'ono. "Khoti linandimasula. Palibenso nkhani apa."

"Mukugona bwanji?"

Anatembenuza chipewa chija m'manja. "Ndimagona."

Mlangizi sanawatsutse. Mukolido munadutsa munthu akukankha kangolo ka mankhwala ka gudumu lolira, phokoso lake linapita mpaka kuzimiririka.

"Ndimagona chokhala," anatero kenako. "Ndikatsamira pilo ndimamva kugunda kuja. Sikunali kwakukulu, madamu. Chondivuta n'chimenecho. Kunangomveka ngati waponda katoni."

Tsiku limenelo mlangizi sanawakumbe za ngoziyo. Anawafunsa za kudya, za mowa, za kupweteka kwa mutu, za ana awo, ngati kubanja kwawo kunakhalapo wodwala maganizo, komanso ngati anayamba aganizapo zodzipha. Pa funso lomalizali a Pang'ono anaseka mowawa.

"Ine ndili ndi ana, madamu."

Poimirira anafunsa, "Ndiye lero simunena kuti ndili bwino?"

"Lero ayi. Mubwerenso sabata yamawa."

"Eee," anatero akuvala chipewa. "Kani nanunso ndinu a pang'ono."

Anabweradi, ndipo anapitiriza kubwera. Masiku ena ankalankhula za injini zokhazokha, mlangizi n'kumamvetsera ngati nayenso akufuna kudzakhala makaniko. Masiku ena ankangokhala duu, maso ali pa simenti.

Tsiku lina ali mkati mocheza, mwana wa wodwala wina anathamanga mukolido akuseka, nsapato zake zikulira pansi. A Pang'ono anauma. Phazi lawo lamanja linaponda pansi mwamphamvu, kufuna buleki yomwe panalibe. Thukuta linatuluka pamphumi, mpweya ukubwera modukaduka, manja atagwira m'mbali mwa mpando mpaka mitsempha kuimirira.

Mlangizi sanawagwire. Anatsitsa mawu.

"A Pang'ono, muli m'chipinda changa, kuchipatala. Simuli pamsewu. Pondani mapazi onse pansi. Mukuimva simenti? Ndiuzeni chomwe mukuona kutsogolo kwanu."

"Botolo."

"La mtundu wanji?"

"Lobiriwira."

"China?"

"Zenera. Zitsulo. Nsapato zanu."

"Tsopano tulutsani mpweya pang'onopang'ono, ngati mukuuzira tiyi wotentha. Musaukoke mwachangu, ubwera wokha."

Patapita kanthawi manja aja anamasuka. A Pang'ono anachita manyazi, napempha madzi. Mlangizi anawafotokozera kuti thupi lawo linali lisanamve kuti ngozi ija inatha, ndiye likangomva kanthu kofanana nako limadzuka kuti liwapulumutse. Si misala, anatero, ndipo si ufooko. Anawaphunzitsa zochita zikawagwira ali kunyumba. Anawatumizanso kwa dokotala wa maganizo kuti awapatse mankhwala othandiza tulo. Poyamba anakana, kenako anapita.

Zitatero anayamba kumasuka. Anafotokoza za nsapato ya mwanayo, yakuda, ya lamba, yomwe inatsala yokha pakati pa msewu. Palibe anaitola. Iwo anakhala m'galimoto ya apolisi akuiyang'ana, magalimoto akuizemba. Anafotokozanso chimene sanauze khoti.

"Kumbuyo kunali anthu akukangana za mpando. Ndinayang'ana pagalasi kuti ndione. Kamphindi chabe. Nditabweza maso, anali kale patsogolo panga."

"Mukanakhala kuti mukuphunzitsa dalaivala watsopano," anafunsa mlangizi, "mukanamuuza kuti asamayang'ane pagalasi?"

"Ayi. Wosayang'ana pagalasi si dalaivala."

"Apolisi anati chiyani za mtunda womwe unalipo?"

"Anati ngakhale ndikanamuona, basi sikanaima." Anagwedeza mutu. "Zonsezo mutu ukudziwa, madamu. Koma uyu," anadzimenya pachifuwa, "sanapite kusukulu."

Mlangizi anawapempha kangapo kuti tsiku lina abwere ndi akazi awo. Ankakana. "Mayi a kunyumba ali ndi zawo. Akuona ana, akugulitsa zovala pamsika. Ndiwasenzetsenso izi?"

Nthawi yonseyi bwana wa kudepoti ankaimba foni. Anali munthu wa mawu okoma koma wothamanga magazi. "Madamu, munthu wathu uja mwafika naye pati? Madalaivala atichepera. Tangotiuzani, akulankhula zotani kumeneko?"

"Zomwe akulankhula sindingakuuzeni, bwana. Ndinganene kuti akubwera, ndipo sitinamalize."

Bwanayo sanadikire. Mlangizi asanavomereze, anayamba kuwapatsa a Pang'ono basi yopanda anthu kuti aziipititsa kugalaja kutsidya la mtsinje, dalaivala wina atakhala pambali. Anati n'zongowazoloweretsa. Ndipo anawauza kuti Lolemba likudzalo abwerere pa ulendo wawo wakale, wonyamula anthu.

Lachisanu la sabata imeneyo a Pang'ono analowa m'chipinda muja atameta ndevu, nkhope ili yowala. Sanakhale pafupi ndi chitseko. Anapereka moni akuseka, anafunsa za kunyumba kwa mlangizi, ananena kuti agona tulo tabwino.

"Mwandithandiza kwambiri, madamu. Lero ndabwera kudzathokoza ndi kutsanzika. Lolemba ndikuyamba ntchito."

Munthu wina akanasangalala. Mlangizi sanasangalale. Sabata yathayo bambo yemweyu ankalephera kumaliza chiganizo. Bata lobwera mwadzidzidzi chonchi analionapo kale, ndipo sankalikhulupirira.

"Chasintha n'chiyani, a Pang'ono?"

"Ndangoganiza bwino basi. Zonse ndazikonza."

"Mwakonza zotani?"

"Zing'onozing'ono. Ndakonza loko wa chitseko cha kunyumba, anavuta kalekale. Bokosi langa la masipanala ndapatsa mlamu wanga. Jekete lija la chikopa ndampatsa kondakitala wanga, ankalisirira."

"Simulifunanso?"

"Kukutentha masiku ano."

Mlangizi anasendeza mpando wake pang'ono nawayang'ana m'maso.

"Ndikufunsani funso lomwe ndinakufunsani tsiku loyamba, ndipo sindizungulira. Mukuganiza zodzipha?"

Kumwetulira kuja kunakhalabe pankhope kanthawi, ngati nyali yoiwalika masana, kenako kunazima. Anayang'ana manja awo.

"Si ine, madamu," anatero motsitsa. "Ndi awa."

"Ndiuzeni za manjawo."

"Popita kugalaja timadutsa pamlatho waukulu uja. Tsiku loyamba nditafika pakati, manja anayamba kukokera kumanzere okha, kuzitsulo za m'mbali. Ndinachita kulimbana nawo. Mnzanga pambalipa amaseweretsa foni, sanaone kanthu. Tsiku lotsatira chimodzimodzi. Koma dzana sindinaope. Ndinamva mtendere. Ndinati, kani njira ndi imeneyi. Zitsulo zija n'zofooka, ndinaziona bwino."

"Mwaganiza kuti muchite liti?"

A Pang'ono anayang'ana kukhoma.

"Lolemba?"

"Ulendo woyamba umakhala ndi anthu ochepa," anatero. Atamva mawu awo omwe, anagwira pakamwa. "Ayi. Ndiwatsitsa kaye. Ndinena kuti basi yawonongeka, atsike onse."

"Mukutsimikiza kuti manjawo adzadikira kuti anthu atsike?"

Misozi inatsika pamasaya ometa aja, iwo osaipukuta.

"Sindikudziwa," anatero.

Mlangizi analankhula modekha.

"Zikomo pondiuza zoona. Zinafunika kulimba mtima. Tsopano mverani. Ndinakulonjezani kuti ndidzayamba ndauza inu. Lero simutuluka muno nokha. Ndiitana dokotala akuoneni, ndipo ndikuona kuti mufunika kugona kuno masiku angapo. Akazi anu ayenera kudziwa. Abwana anu ndiwauza chinthu chimodzi chokha, kuti panopa simuyenera kugwira chiwongolero. Za mlatho sindiwauza."

A Pang'ono anadzuka mpando n'kugwa chagada.

"Mukawauza zimenezo ntchito yatha! Mukudziwa? Ndani adzandipatsenso basi?"

"Mwina itha. Sindingakunamizeni."

"Ndiye ana anga adye chiyani? Munati zimathera muno!"

"Ndinanenanso pomwe ndimalekezera."

"Munanditchera msampha. Masabata onsewa, botolo la mtundu wanji, uzirani tiyi, kani mumandinyengerera ngati nkhuku yoti muigwire. Ndikanangotseka pakamwa panga bwenzi ndikupita kwathu."

"Zoona," anatero mlangizi. "Ndipo Lolemba bwenzi mutakwera basi ija."

A Pang'ono anapita kuchitseko nagwira chogwirira. Mlangizi sanawatsekereze. Anakhalabe pampando, manja ali pamaondo, poonekera.

"Sindikugwirani, bambo. Mphamvu zake ndilibe. Koma mukatuluka ndikutsatirani, ndipo ndiitana anthu. Ndikanakonda kuti tipite kwa dokotala tikuyenda limodzi ngati anthu, osati akukukokani alonda pamaso pa gulu. Sankhani inu."

A Pang'ono anaima pamenepo nthawi yaitali, msana uli kwa mlangizi, mapewa akukwera ndi kutsika. Kenako dzanja linasiya chitseko. Anatsetsereka nakhala pansi pa simenti, miyendo ili tambalala ngati mwana.

Mlangizi anaimbira Sisita. Mayi uja anafika mwakachetechete, mawu a hutala atawasiya kuwodi. Anaona mpando wogwa, anaona bambo ali pansi, nakhala nawo pansi pomwepo ndi yunifomu yake yoyera.

"Achimwene," anatero Sisita, "maondo angawa akakhala pansi sadzuka okha. Mundidzutsa ndinu. Tiyeni tikaone adokotala."

Akazi awo anafika dzuwa litapendeka, atathamanga kuchokera kumsika, thumba la zovala zogulitsa likadali paphewa. Anali mayi wamfupi, wa maso akuthwa. Mlangizi anawatengera m'chipinda muja nawauza mosabisa kuti amuna awo anakonza zodzipha, ndipo agonekedwa kuwodi.

"Bodza," anatero mayiwo. "Bambo a ana anga? Dzulo lomweli amaseka ndi ana. Akonza chitseko. Anali atachira!"

"Ankaoneka ngati achira chifukwa anali atagamula kale, mayi."

"Asanayambe kubwera kuno sankalankhula zoterezi. Mwawaika ndinu maganizo amenewa. Munthu umamufunsa bwanji ngati akufuna kufa?"

"Kufunsa sikumuika munthu maganizowo. Anali nawo kale, amangosowa womuuza."

"Womuuza? Ine ndine chiyani? Mpando?"

Mlangizi anawayang'ana mayiwo. Anaona kuti ukali wa mayiwo wagona pamenepa.

"Ankati muli ndi katundu wambiri kale. Sankafuna kukuwonjezerani."

Mayiwo anatula thumba lija pansi nakhala. Sanalire. Mlangizi anawafunsa ngati kunyumba kuli mankhwala ambiri, zingwe, kapena makiyi a galimoto ya wina aliyense, nawauza zoti akachotse amuna awo asanatuluke. Anawafunsa m'bale amene angawadalire. Mayiwo ankayankha mwachidule, maso ali kukhoma.

"Ntchito?" anafunsa pomaliza.

"Ndawauza abwana awo kuti panopa sangayendetse."

"Ndiye mwatipha tonse kuti mupulumutse mmodzi," anatero, natola thumba lawo n'kutuluka.

Kuwodi a Pang'ono anakana kuonana ndi mlangizi. Akamuona akubwera ankatembenukira kukhoma n'kudzifunda bulangeti mpaka kumutu. Tsiku lina mlangizi anaima kumapazi kwa bedi lawo nati, "Ndangobwera kudzakupatsani moni, bambo. Simukuyenera kuyankha." M'bulangetimo munatuluka mawu: "Sisita, auzeni mayi awa achoke." Mlangizi anachoka. Anakonza zoti azionana ndi mlangizi wina, bambo wa kuchipatala chaching'ono cha kufupi ndi kwawo, namufotokozera mnzakeyo zonse zofunika.

Analimbananso ndi kampani. Anapita yekha kudepoti, nakhala muofesi ya bwana uja momwe munkanunkha dizilo, mabasi akulira panja. Anapempha kuti a Pang'ono apatsidwe ntchito ina kwa kanthawi, ya m'galaja kapena yolondolera mabasi pageti. Anafotokoza kuti anthu ambiri amachira, ndipo kukhala ndi pogwira kumathandiza kuchira.

"Koma anachita chiyani kwenikweni?" anafunsa bwanayo.

"Zimenezo sindinganene."

"Ndiye mukufuna ndisunge munthu amene simukundiuza vuto lake? Madamu, ine ndimayendetsa mabasi, osati chipatala."

Mwezi usanathe anawachotsa ntchito, ati pa zifukwa za umoyo.

Tsiku lomwe anamva zimenezi mlangizi sanadye masana. Sisita anamupeza kuseri kwa wodi, pomwe amayanika mabulangeti, atakhala pa chidebe chovundikira.

"Mukulira maliro a ndani?" anafunsa Sisita.

"Ndikuganiza ngati panali njira ina. Mwina ndikanawapempha kuti apemphe okha tchuthi. Mwina ndikanaona msanga, asanawapatse basi ija. Bwana uja ndikanamuletsa mwamphamvu pa foni."

"Mwina," anatero Sisita. Sanali munthu wotonthoza ndi bodza. "Za foni zija mwina mukanalimba. Koma za Lachisanu lija, mukanatani? Kuwatsanzika, n'kumadikira Lolemba kuti mumve pa wailesi?"

"Akundida."

"Wakufa sada munthu. Dzukani, pabenchi panu pali anthu."

Mlangizi anadzuka. Sabata imeneyo anakafotokozanso nkhani yonse kwa mlangizi wamkulu amene ankayang'anira ntchito yake, monga ankachitira nkhani ikamulemera. Anaiunika mbali zonse, napeza pomwe akanachita bwino ndi pomwe panalibe kuchitira mwina. Sizinamupepukitse kwenikweni. Kwa masabata angapo, akamamvetsera munthu wina, ankadzipeza akuyang'ana manja a munthuyo.

A Pang'ono anatuluka m'chipatala. Kwa mlangizi wina uja anapitako kangapo, kenako anasiya. Mlangizi winayo anawaimbira, anapita mpaka kunyumba kwawo, napeza m'nyumbamo mukukhala anthu ena. Banja lija linali litasamuka osasiya mawu.

Nyengo yamvula itayamba, masana ena mlangizi anatsegula chitseko kuti aitane wotsatira. Pabenchi panali akazi a a Pang'ono, ambulera yonyowa ili pakati pa miyendo. Anali ataonda, milomo itauma.

"Sindinabwere kudzathokoza," anatero asanalowe n'komwe.

"Lowanibe, mayi."

Anakhala m'mphepete mwa mpando. Anati anabwera kudzatenga mankhwala a amuna awo ku famase, ndiye miyendo inangowabweretsa kuno.

"Ali bwanji?" anafunsa mlangizi.

"Alipo. Tikukhala kwa achimwene anga, chipinda chimodzi, ife ndi ana. Alamu anga akaphika amamenyetsa mapoto kuti timve. Mwana wathu wamkulu wasiya sukulu, akundithandiza kumsika." Anapukuta madzi a mvula pachipumi. "Iwo amangokhala kuseri kwa nyumba. Mankhwala amamwa ndikawapatsa m'manja. Galimoto ikadutsa amalowa m'nyumba. Dzina lanu safuna kulimva."

"Amalankhula zofuna kufa?"

"Ndimawafunsa. Munandiphunzitsa ndinu, si choncho? Ndimawafunsa ngati mmene ndimafunsira ngati asamba. Amati lero ayi."

"Mukuchita bwino kufunsa. Akadzati inde, kapena akadzasintha mwadzidzidzi n'kuoneka osangalala, musadikire, mubwere nawo tsiku lomwelo. Ndipo pali mlangizi wina amene angamabwere kunyumbako ngati angalole. Sikuti akhale ine."

Mayiwo anagwedeza mutu ngati zimenezo akuzidziwa kale. Sanadzuke. Ankapotokola chingwe cha ambulera pachala mpaka chala kutuwa.

"Nanga inuyo, mayi?" anafunsa mlangizi. "Akukuonani ndani?"

"Ine sindikudwala."

"Sindinati mukudwala."

Mvula inakula padenga la malata. Mayiwo anayang'ana kuchitseko, ngati akuopa kuti achimwene awo kapena ana aima kuseri.

"Ndikapita kumsika mtima umatsala kunyumba. Ndikamabwerera ndimayamba ndasuzumira kuseri ndisanalowe, kuti ndione ngati akadali pampando paja. Mipeni ndimayenda nayo m'thumba la zovala. Chingwe choyanikira ndimachimasula ndikamachoka. Ndatopa, madamu. Ndatopa mpaka m'mafupa." "Pali mawu ena sindinganene kwa achimwene, sindinganene kutchalitchi."

"Muno mutha kunena."

"Masiku ena," anatero, mawu akutuluka ngati akuwazula, "ndimati mukanangowasiya. Bwenzi titalira, titaika, anthu atatipepesa. Bwenzi zitatha." Anagwira pakamwa ndi manja onse awiri. "Mulungu wanga. Bambo a ana anga. Ndine munthu wotani ine?"

Mlangizi sanadzidzimuke, ndipo sanafulumire kuwatonthoza. Anawasiya alire mpaka mapewa anasiya kugwedezeka.

"Ndinu munthu amene wakhala akulondera moyo wa mnzake yekhayekha kwa miyezi," anatero. "Ambiri osamalira odwala amafika poganiza zimenezo, ndipo amaopa kunena. Kutopa si kuwafunira imfa. Koma ndikufunseni inunso mosazungulira. Inuyo mumaganizapo zodzipha, kapena zowavulaza iwo?"

"Ayi. Ayi, zimenezo ayi. Ndimangofuna kugona tsiku limodzi osatchera khutu."

"Ndiye tiyambire pamenepo. Kupatula inu, ndani wina amene a Pang'ono amamulola kukhala naye pafupi?"

Mayiwo anaganiza nthawi yaitali, akupukuta m'maso ndi nsonga ya mpango.

"Kondakitala wawo wakale amabwera nthawi zina," anatero. "Salankhulana. Amangokhala awiriwo kuseri kuja, kuyang'ana mpanda."

"Angavomere kumabwera tsiku lokhazikika, kuti inu muzipuma?"

"Kaya. Nayenso ali ndi banja lake." Anapuma mozama. "Ndikamufunsa."

Anakambirana mpaka mvula inadukiza. Mayiwo anavomera kubweranso, koma anati asawalembere tsiku, adzabwera msika ukadzalola. Anaimirira, nakonza thumba lawo paphewa mosamala kuti mipeni ija isawabaye, natuluka kupita kukakwera basi ya kwawo.